Thupi likanena zina, mtima zina: zomwe mlandu wa mwana wa ku Thyolo udatisiyira

Aliyense amene adadutsapo pamsewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kulowera ku Thyolo m'nyengo ya dzinja amadziwa maonekedwe a dera limeneli. Zitunda zonse zimavala tiyi wobiriwira, ndipo m'mizere yake mumayenda amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, manja ali kalikiliki kuthyola nsonga. Nthawi yoyeza ikakwana, onse amandanda pasikelo. Kalaliki amawerenga makilogalamu n'kulemba m'buku, kapitawo ataima pambali. Pa nambala imene sikelo yaonetsa sipakhala mkangano wautali, chifukwa aliyense ali ndi maso. Koma mayi amene watula dengu lija akanena kuti msana ukumuwawa, palibe sikelo imene ingayeze ululu wakewo. Kapitawo angamukhulupirire kapena kumukayikira, koma amene akuumva ndi mwini wake yekha.

Pamalo amodzi omwewo pali zoona za mitundu iwiri. Pali choona chimene anthu onse angachione, kuchiyeza ndi kugwirizanapo, ndipo pali choona chimene mboni yake ndi munthu mmodzi. Makolo athu ankazidziwa zonse ziwiri. Adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adatinso mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Pa zinthu zambiri za moyo zoona ziwirizi zimayendera limodzi mwakuti sitizindikira n'komwe kuti ndi ziwiri. Vuto limabuka zikasemphana, ndipo kusemphanako kumapweteka kwambiri pa funso lakuti munthu uyu ndi mwamuna kapena mkazi.

Ena mwa ife tingaganize kuti iyi ndi nkhani ya maiko akutali, yongofika kuno pafoni za ana athu. Koma mlandu umene udamveketsa funsoli m'dziko muno udakhudza mwana wa ku Thyolo, wina udazengedwa ku Mangochi kwathu konkuno, ndipo mabuku a malamulo a Chisilamu amene masheikh athu amaphunzira adalikambirana zaka mazana ambiri zapitazo.

Chinkhoswe cha ku Chirimba

Pa 26 Disembala 2009, pamalo ogona alendo a Mankhoma Lodge ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, padachitika chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga. Tiwonge, yemwe kwawo ndi m'boma la Thyolo, ankagwira ntchito pamalo omwewo, ndipo anthu ankamutchula kuti Aunt Tiwo. Patangopita masiku awiri nkhaniyi idatuluka m'nyuzipepala, apolisi adawamanga onse awiri, ndipo adasungidwa kundende ya Chichiri popanda belo. Adaimbidwa milandu pa magawo 153 ndi 156 a malamulo a zilango, omwe amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha. Pa 18 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa adawapeza olakwa, ndipo pa 20 Meyi adawalamula kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka 14, chomwe chili chilango chachikulu kwambiri pamlandu wotere. Pa 29 Meyi, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon, Pulezidenti Bingu wa Mutharika, yemwenso kwawo kudali ku Thyolo, adawakhululukira. Pokhululukapo adanenetsa kuti zomwe adachitazo zidali zosemphana ndi chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko, koma wawamasula mwa chifundo chabe.

Zimenezi ambiri tikuzikumbukira. Chomwe chidatidutsa panthawiyo n'chakuti anthu amene ankakangana pamlanduwu ankagwirizana pa mfundo imodzi. Boma lidati awa ndi amuna awiri. Nyuzipepala za kuno ndi zakunja zidati awa ndi amuna awiri. Ngakhale ambiri mwa omwe ankawaikira kumbuyo ankalankhula za amuna awiri okondana. Amene ankanena zina adali Tiwonge mwini wake. Iye adauza atolankhani kuti thupi lake ndi lachimuna, koma m'kati mwake amadzimva kuti ndi mkazi, ndipo wakhala chotero kuyambira ubwana.

Choncho pa munthu mmodzi padali maumboni atatu. Woyamba udali wa thupi, umene bwalo la milandu lidatsamirapo. Wachiwiri udali wa mwini wake, umene palibe adakatha kuutsimikiza kapena kuutsutsa poyeza. Wachitatu udali wa anthu okhala naye, amene ankamuona atavala chitenje, akuphika ndi kusesa, ndipo ankamuitana ndi dzina lachikazi kufikira tsiku limene nkhani idabuka. Chingerezi chimakakamiza wolankhula kusankha mawu a mwamuna kapena a mkazi nthawi iliyonse akatchula munthu, motero mtolankhani aliyense wolemba m'Chingerezi ankagamula mlanduwu pa chiganizo chilichonse. Chichewa ndi Chiyao sizitikakamiza kutero. Timangoti iye, ndipo zimenezi zimatipatsa mpata woyamba taganiza tisanaweruze.

Lamulo la dziko lidasankha mbali

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la maukwati, kusudzulana ndi za m'banja. Lamuloli lidalongosola kuti likamanena za mwamuna kapena mkazi likutanthauza mmene munthuyo adabadwira. Apa dziko la Malawi lidaika umboni wa thupi patsogolo, ndipo chiphaso cha unzika chimene tidayamba kulandira pa kalembera wa 2017 chili ndi malo a mwamuna kapena mkazi basi.

Funsoli lidabweranso kudzera ku Mangochi. Mu Disembala 2021 bwalo la majisitireti kumeneko lidalamula Jana Gonani, wobadwa ndi thupi lachimuna koma wokhala ngati mkazi, kukakhala kundende zaka 8. Nkhani yake idaphatikizidwa ndi ya mzika ya dziko la Netherlands, Jan Willem Akster, pofuna kuti bwalo lalikulu liunike ngati magawo aja a malamulo a zilango akugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu Julayi 2023 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu adayenda limodzi m'misewu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa 28 Juni 2024 oweruza atatu adakana pempholo, nati kusintha malamulo otere ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo.

Tiyenera kuona bwino chomwe mabwalo adagamula. Adaweruza za mchitidwe, ndipo pa mchitidwewo chiphunzitso cha Chisilamu n'chodziwika kwa aliyense wa ife. Koma funso la munthu amene akuti thupi lake ndi mtima wake sizikumvana lidatsala pomwepo. Limeneli silithera kukhoti. Limafika pakhomo pa mayi amene wabereka mwana wovuta kumuzindikira, kwa mwinimbumba amene akufunsidwa ngati mwanayo apite ku jando kapena ku nsondo, kwa imamu amene akukonza mizere ya swala, ndi kwa osambitsa maliro.

Zomwe maulama akale adachita

Shariya imadziwa mitundu iwiri ya umboni ija, ndipo uliwonse idaupatsa malo ake. Mwezi wa Ramadhan sitiuyamba chifukwa wina walota kuti waoneka. Pamafunika wouona ndi maso. Ngongole imalembedwa pamaso pa mboni, monga ikulangizira ndime 282 ya Surah Al-Baqarah. Komabe pali zinthu zimene mboni yake ndi mwini yekha. Niya ya swala ndi ya swaumu ili mumtima. Mkazi akanena kuti wayera ku msambo, kapena kuti edda yake yatha m'nthawi yotheka, mawu ake amalandiridwa, chifukwa palibe wina angazidziwe kuposa iye.

Pa funso la umuna ndi ukazi maulama adayambira pa thupi. Adapeza kuti pali anthu ochepa obadwa ndi ziwalo zobisika za mbali zonse ziwiri, kapena zosaoneka bwino kuti ndi za mbali iti. Munthu wotere adamutcha khunsa, ndipo mabuku a mazihabu onse anayi a Sunni ali ndi malamulo ake. Adalongosola zizindikiro zoyang'ana: paubwana njira imene mkodzo umatulukira, ndipo akatha msinkhu zinthu monga msambo ndi pathupi. Zizindikiro zikaloza mbali imodzi, munthuyo amawerengedwa wa mbali imeneyo pa malamulo onse. Zikapanda kuloza, amatchedwa khunsa mushkil, kutanthauza amene nkhani yake sinadziwike.

Chidwi chathu chili pa mmene adasamalira ufulu wa munthu wosadziwikayo. Tiyerekeze kuti bambo wamwalira n'kusiya K6,000,000 ngongole zonse zitabwezedwa, ndipo omulowa ndi ana awiri okha, wina wamwamuna, wina khunsa mushkil. Mwa lamulo la Surah An-Nisa ndime 11, gawo la mwana wamwamuna limalingana ndi magawo awiri a mwana wamkazi. Khunsayo akakhala mwamuna, aliyense alandira K3,000,000. Akakhala mkazi, iye alandira K2,000,000, mbale wake K4,000,000. Mazihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsatira, amati aliyense apatsidwe gawo limene palibe chikaiko kuti ndi lake: mwana wamwamuna K3,000,000, khunsa K2,000,000, ndipo K1,000,000 yotsalayo isungidwe kufikira nkhani itadziwika kapena abalewo atagwirizana. Otsatira Imam Malik amatenga pakatikati pa magawo awiriwo n'kupatsa khunsa K2,500,000. Otsatira Imam Abu Hanifa amamupatsa gawo laling'onolo. Amasiyana pa masamu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adati mwanayu amanidwe chuma cha bambo ake, kapena abisidwe kuseri kwa nyumba. Ngakhale paswala ya jamaa adamupezera malo, kumbuyo kwa mizere ya amuna ndi anyamata, kutsogolo kwa mizere ya akazi.

Pali mfundo inanso imene ambiri saidziwa. M'mazihabu a Shafi'i, zizindikiro zonse za thupi zikasowa, khunsa amene wakula ndipo ali ndi nzeru zake amafunsidwa kumene mtima wake umapendekera. Akanena kuti amakopeka ndi akazi amawerengedwa mwamuna, akanena kuti amakopeka ndi amuna amawerengedwa mkazi. Mawu ake amalandiridwa, koma saloledwa kuwabweza mawa, pokhapokha thupi litawatsutsa poyera, monga amene adati ndi mwamuna atabereka mwana. Ndondomeko yake njoonekeratu: thupi likalankhula momveka limatsogola, thupi likakhala chete umboni wa mtima umamvedwa.

Nanga amene thupi lake lilibe chikaiko?

Nkhani ya Tiwonge, monga mmene bwalo lidaimvera, sinali ya khunsa. Thupi lidali lodziwika. Chosemphana nalo chidali mtima ndi makhalidwe. Nayonso nkhani yotere si yachilendo m'mbiri yathu. Mumzinda wa Madina munali amuna a makhalidwe achikazi, otchedwa mukhannas. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adasimba za mmodzi wa iwo amene ankalowa m'nyumba ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), chifukwa anthu ankamutenga kuti alibe chilakolako cha akazi. Tsiku lina Mtumiki adamumva akufotokozera mlongo wake wa mayi Ummu Salama (Allah asangalale nawo) maonekedwe a thupi la mkazi wina wa ku Taif, ndipo kuyambira pamenepo adaletsa kuti anthu otere azilowa kwa akazi ake. Chimene chidamutsekera khomo ndi zomwe adalankhula, pakuti mayendedwe ake adali omwewo masiku onse amene ankaloledwa kulowa.

Palinso hadisi yodziwika bwino, yochokera kwa Ibn Abbas, yotemberera amuna odzifanizira ndi akazi ndi akazi odzifanizira ndi amuna. Imam Nawawi, mmodzi mwa maulama akuluakulu a mazihabu a Shafi'i, yemwe adamwalira mu 1277, adalongosola mmene hadisi ziwirizi zimagwirizanira. Adati mukhannas ali mitundu iwiri. Pali amene adalengedwa choncho, mawu ndi mayendedwe ake sadachite kuwapanga, ndipo pa iyeyu palibe tchimo kapena chitonzo. Palinso amene amachita kudzipangitsa, ndipo chidzudzulo chija chikunena iyeyo. Ibn Hajar, wa mazihabu omwewo, adaonjezera kuti wolengedwa choteroyo ayesetse pang'onopang'ono kusiya zomwe angathe kusiya.

Tsono ndani angadziwe kuti uyu adalengedwa choncho, uyo akudzipangitsa? Apa mpomwe tsidya lina lija likuonekera. Usama bin Zaid (Allah asangalale naye) adapha munthu kunkhondo amene adali atangotchula shahada, poganiza kuti wangoitchula chifukwa choopa lupanga. Mtumiki adamudzudzula kwambiri, namufunsa ngati adang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zomwe zidali m'menemo. Pa maziko otere maulama adamanga mfundo yakuti ife timaweruza zoonekera, zobisika n'za Allah. Mfundoyi imadula mbali zonse ziwiri. Imatiletsa kumanga malamulo a nikah kapena a chuma cha masiye pa chinthu chimene palibe angachione. Imatiletsanso kunena molimba mtima kuti munthu amene akuti akuvutika m'kati mwake ndi wabodza.

Mafatwa a masiku ano ndi mkangano wa dziko lapansi

Madokotala atayamba kuchita maopaleshoni osintha ziwalo, funsoli lidabwereranso kwa maulama. Mu 1988 ku Egypt, wophunzira zaudokotala payunivesite ya Al-Azhar adachitidwa opaleshoni yotere n'kutenga dzina lakuti Sally. Mufti wa dzikolo panthawiyo, Sheikh Muhammad Sayyid Tantawi, adapereka fatwa yakuti opaleshoni ndi yololedwa ngati dokotala wodalirika wapeza kuti ikuvumbula chilengedwe chimene chidabisika m'thupi, koma siloledwa pa chifuniro chabe. Mbali zonse ziwiri za mkanganowo zidawerenga fatwayi ngati yoikira kumbuyo izo, umboni wakuti malire a thupi ndi mtima savuta pakamwa pokha. Mu 1989 bungwe la maulama a fiqhi la Muslim World League, litakumana ku Makka, lidagamula kuti munthu amene ziwalo zake n'zokwanira saloledwa kuzisintha, koma amene ali ndi zizindikiro za mbali zonse ziwiri athandizidwe ndi mankhwala kapena opaleshoni kuti chikaiko chichoke. Awa ndiwo maganizo a maulama ambiri a Sunni kufikira lero. Ku Iran, komwe amatsatira Shia, Ayatollah Khomeini adaloleza maopaleshoniwa m'zaka za m'ma 1980.

Maboma nawo adagawikana. Argentina mu 2012 idalola munthu kusintha zolembedwa pachiphaso chake mwa mawu ake okha. South Africa, komwe ana athu ambiri amapita kukasaka ntchito, ili ndi lamulo la 2003 lololeza kusintha koteroko pakakhala malipoti a madokotala. Pakistan idakhazikitsa lamulo mu 2018 lotsamira pa mmene munthu amadzionera, koma mu Meyi 2023 bwalo la Shariya la dzikolo lidati magawo amenewo akusemphana ndi Chisilamu. Ku Britain, mu Epulo 2025, bwalo lalikulu kwambiri lidagamula kuti m'lamulo lawo la 2010 loletsa tsankho, mawu akuti mkazi akutanthauza wobadwa mkazi. Kenya pa kalembera wa 2019 idawerenga padera anthu obadwa ndi ziwalo za mbali zonse, ndipo idapeza 1,524.

Omwe amaika mtima patsogolo ali ndi mfundo zawo, ndipo n'koyenera kuzimva monga eni ake amazinenera. Amati kudzimva kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi sikufanana ndi kukonda mtundu wa nsalu. Kumayamba paubwana, sikusankhidwa, ndipo kwa ambiri sikuchoka ngakhale atamenyedwa kapena kupemphereredwa. Amatchulanso kuti mu 2019 bungwe la World Health Organization lidachotsa vutoli pamndandanda wa matenda a misala. Otsutsana nawo amayankha kuti kukhala mwamuna kapena mkazi sikukhudza mwini yekha. Kumakhudza amene adzakwatirane naye, amene adzagone naye m'chipinda chimodzi kundende kapena kuchipatala, ndi amene adzagawane naye chuma. Lamulo lokhudza anthu ena, iwo amati, liyenera kuima pa chinthu chimene anthu enawo angachitsimikize.

Ife tikaunika zonsezi tikuona kuti mbali iliyonse imalakwa pamene yafuna kuti choona chake chimeze chinzake. Munthu akanena kuti amadzimva kuti ndi mkazi, angakhale akunena zoona zenizeni za mmene akumvera, monga mayi wa dengu uja amanenera zoona za msana wake. Koma kumva kwakeko sikusintha zomwe dokotala apeze pomupima, monganso ululu wa msana susintha nambala ya pasikelo. Mbali inayi, zomwe dokotala wapeza sizitsimikiza kuti munthuyo akunama kapena kuti akuchita dala. Malamulo a nikah, a chuma cha masiye ndi a mizere ya swala aima pa zoonekera, ndipo ife Asilamu sitingawasunthe. Ulemu wa munthu waima pa maziko ena, akuti iye ndi mwana wa Adam, ndipo maziko amenewa sadikira kuti funso la thupi lake liyankhidwe.

Zikafika pakhomo pathu

Choyamba chikhudza mwana wobadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino. M'midzi mwathu mwana wotere kawirikawiri amabisidwa, mayi ake amanenedwa kuti adalakwira miyambo, kapena agogo ena okalamba amalozedwa chala kuti ndi mfiti. Madokotala amafotokoza zina. M'masabata oyamba a pathupi ziwalo za mwana wamwamuna ndi wamkazi zimayamba mofanana, kenako zimapatukana motsogozedwa ndi majini ndi mahomoni. Nthawi zina kupatukanako sikutha bwino. Pali vuto lina la tiziwalo ta pamwamba pa impso limene limapangitsa mwana wamkazi kubadwa ndi maonekedwe achimuna, ndipo mwa ana ambiri otere thupi limataya mchere mwakuti akhoza kumwalira m'masabata oyamba ngati salandira mankhwala. Choncho kubisa mwana wotere kungamuphetse. Apite naye msanga kuchipatala cha boma, komwe angamutumize kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Pali ena amene vuto lawo limadziwika atatha msinkhu, monga mtsikana amene msambo sukubwera, kapena woleredwa ngati mtsikana amene mawu ayamba kukula ndi ndevu kumera. Pa za opaleshoni, madokotala ambiri masiku ano amalangiza kusathamangira kudula zomwe sizingabwezeretsedwe ngati moyo wa mwana suli pachiswe. Maulama amene ankasunga gawo la chuma kufikira nkhani itadziwika akadaumvetsa uphungu umenewu.

Chachiwiri chikhudza mwana amene thupi lake n'lodziwika, koma makhalidwe kapena mawu ake akutidabwitsa. Si mnyamata aliyense wokonda kukhala kukhitchini ndi amayi ake, kapena mtsikana aliyense wokonda kupalasa bwato ndi kukoka khoka, amene ali ndi vutoli. Ana ambiri amangokhala ndi zokonda zawo, ndipo kuwapatsa maina achipongwe kumawabzala chikaiko chimene adalibe. Koma mwana akafika poulula kuti akuvutika, kholo liyambe lamva. Kumva sikutanthauza kuvomereza chilichonse chimene mwana wapempha. Kholo likhoza kumuuza momveka zomwe chipembedzo chimaloleza ndi zomwe chimaletsa, n'kufunsa nzeru kwa sheikh wodziwa ndi wosunga chinsinsi komanso kwa dokotala, mwanayo akudyabe m'mbale ya pakhomo. Mwana wothamangitsidwa sasanduka munthu wina chifukwa chothamangitsidwa. Amangopita kutauni kapena ku Joni wopanda womulangiza, ndipo kumeneko amakumana ndi anthu amene sangamufunse n'komwe ngati waswali.

Chachitatu chikhudza ife oyandikana nawo. Surah Al-Hujurat, ndime 11 ndi 12, imaletsa kunyozana, kuitanana maina oipa, kuganizirana zoipa, kufufuzana zobisika ndi miseche. Palibe pamene idapatula munthu wa mayendedwe odabwitsa. Kuvula munthu pagulu kuti tione chimene ali, kumujambula n'kumwaza zithunzi pa WhatsApp, kapena kumuunjikira ndi miyala pamsika, zonsezi ndi machimo odziwika bwino, ochitidwa pofuna kulanga chinthu chimene mwina sitikuchidziwa bwino. Umaliseche wa munthu ndi wotetezedwa, ndipo ngati pafunika kupima, imeneyo ndi ntchito ya dokotala m'chipinda chotseka. M'buku la hadisi la Abu Dawud muli nkhani ya mukhannas wina wopaka hina m'manja ndi m'mapazi amene adabwera naye kwa Mtumiki. Mtumiki adalamula kuti asamutsidwire kunja kwa mzinda, koma anthu atafunsa ngati angamuphe, adawakaniza chifukwa munthuyo adali woswali. Ngakhale pamene padali chilango, chidaperekedwa ndi mtsogoleri, chidali ndi malire, ndipo munthuyo adawerengedwabe m'gulu la oswali.

Atatuluka m'ndende, Tiwonge Chimbalanga sadathe kukhazikikanso m'dziko muno. Patapita nthawi adapita ku South Africa, komwe adalandiridwa ngati wothawa kwawo n'kukhala ku Cape Town. Mlembi wa kumeneko, Mark Gevisser, adalemba za moyo wake m'buku la The Pink Line lomwe lidatuluka mu 2020, ndipo moyo umene akuufotokozawo ndi wa umphawi ndi chipongwe, kutali ndi abale. Pamlandu wake padalankhula apolisi, oweruza, akazembe, atsogoleri a zipembedzo ndi pulezidenti, aliyense ndi yankho lake lokonzeratu. Ochepa kwambiri adadekha kuti alekanitse mafunso: thupi likuonetsa chiyani, munthuyu akumva chiyani, wachita chiyani, ndipo ife tili naye ndi ngongole yanji monga munthu mnzathu.

Ku Thyolo tiyi akuthyoledwabe, ndipo sikelo ikuwerengabe makilogalamu. Kapitawo wanzeru salemba makilogalamu amene kulibe pofuna kusangalatsa wodwala msana, komanso samutcha waulesi chifukwa chakuti sikelo sinaonetse ululu wake. Tsiku lina funso limeneli likhoza kugogoda pakhomo la wina wa ife, kudzera mwa mdzukulu wobadwa usiku kuchipatala kapena mwana amene wakhala chete zaka zambiri. Tidzafunika kunena zoona za thupi mopanda mantha, kumva za mumtima mopanda chipongwe, ndi kusiyira Mwini zomwe maso athu sangafikeko. Allah ndiye Wodziwa koposa.